Ndinapha munthu mu gemu, manje mtima sukundipatsa mtendere: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Chipata ukati magemu anthu amangoganiza za mpira, FIFA ndi eFootball m'tumashopu twa ku Kapata ndi ku Mchini, kapena Free Fire pa foni. Koma pali kagulu kena ka anyamata ndi atsikana kamene kamakonda magemu a nkhani, aja amakuimitsa pakati n'kukufunsa kuti upulumutse ndani usiye ndani, ndipo iwowa ndi amene amabwera ndi mafunso ali m'munsimu, ambiri monong'ona chifukwa akuopa kuti anzawo awaseka ati mwamuna mzima ukulirira katuni. Ndikuchenjezeni kuti ndiulula mathero a magemu angapo, ndiye mukaona dzina la gemu imene simunamalize, lumphani funsolo.

Ndi gemu chabe, nanga bwanji ndikumva ngati ndalakwira munthu weniweni?

Chifukwa chala chimene chinadina batani chinali chanu. Mu filimu munthu akapereka mnzake kwa adani mumamva chisoni, mwina kukwiya, koma simudziimba mlandu, inu munangokhala pampando n'kumaonera. Mu gemu nkhani imaima n'kudikira inu, ndipo simukadina palibe chichitika. Will Wright, amene anapanga The Sims, ananenapo zofanana ndi izi, kuti kunyada ndi kudziimba mlandu ndi zinthu zimene gemu imatha kumumvetsa munthu koma filimu imalephera.

Ophunzira anazifufuzanso. Mu 2010 Tilo Hartmann ndi anzake ku Amsterdam anapeza kuti anthu akamawombera mu gemu popanda chifukwa chomveka amadziimba mlandu, makamaka aja amene mwachibadwa ali ndi chifundo. Mu 2014 Matthew Grizzard wa ku University at Buffalo anaseweretsa ophunzira gemu imodzimodzi, ena ngati zigawenga ena ngati asilikali a UN, ndipo amene anali zigawenga ndi amene anatuluka chikumbumtima chikuwavuta. Onsewo ankadziwa bwinobwino kuti ndi gemu, palibe amene anasokonezeka mutu. So mukamva kulemera pachifuwa musadziyese wopepera. Munthu wa mu gemuyo kulibe, zoona, koma chimene mwamvacho chilipo.

Kodi opanga magemu amachita dala kuti tizimva chonchi?

Dala kwambiri, ndipo amalipidwa pa ntchito yomweyo. Tengani The Walking Dead ya kampani ya Telltale ya mu 2012, imene ambiri kuno anaiteya pa foni. Amayamba akupatsani kamwana, Clementine, kuti muzikasamala, mumayenda nako, kamakufunsani mafunso a ana, ndiye mukanama kapena mukachita nkhanza pamaso pake pakona pa sikirini pamatuluka timawu tokuuzani kuti mwanayo adzakumbukira zimenezo. Kenako amakuikirani kanthawi kochepa, kamzere kakutha inu musanaganize bwino, mupulumutse mnzanu Carley kapena mnzanu Doug, mmodzi yekha, sankhani msanga. Mu gawo lachiwiri amakupatsani tizakudya 4 pamene anthu anjala alipo 10, mugawe ndinu, onse akukuyang'anani. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya anthu ambiri nthawi ya njala, mwezi wa Janyuwale chimanga chitatha m'nkhokwe, safunika kumufotokozera kuti pamenepo pamawawa bwanji. Ndipo gawo likatha amakuonetsani kuti osewera angati pa 100 anasankha ngati inu, ukapezeka uli m'kagulu kochepa umayamba kudzifunsa kuti kodi ine ndine munthu wotani.

Njira ina ndi yochedwetsa chilango. The Witcher 3 ya mu 2015, yopangidwa ku Poland, imadziwa zimenezi kuposa onse. Mumasankha kanthu lero kooneka kakang'ono, zotsatira zake zimabwera patapita maola ambirimbiri pamene sevu yakale, pamene gemu inasungira pomwe munafika, munaifufuta kale. Mathero a Ciri, mtsikana amene munthu wanu Geralt anamulera ngati mwana wake, amadalira tinthu ngati kuti munasewera naye kuponyerana chipale pamene anali wokhumudwa, kapena munamulola kukalankhula yekha ndi akuluakulu osamutsatira kumbuyo. Palibe pamene gemu imakuuzani kuti apa samalani. Mumangozindikira mochedwa kuti mumayesedwa ngati kholo.

Mu Red Dead Redemption 2 ndinamenya munthu wodwala chifukwa cha ngongole, mpaka lero zimandinyansa. Ndikanatha kupewa?

Awe, mishoni imeneyo simungailumphe, nkhani siipita patsogolo musanapite kwa Thomas Downes. Ndikhalapo pang'ono apa chifukwa funso ili limabwera kawirikawiri kuposa ena onse ndipo ndikuganiza ndikudziwa chifukwa chake.

Gemuyo inatuluka mu 2018, nkhani yake ndi ya mu 1899 ku America, inu ndinu Arthur Morgan, ndipo m'gulu lanu muli mdala wina Leopold Strauss amene ntchito yake ndi kukongoza ndalama anthu osauka amene akudziwiratu kuti sadzakwanitsa kubweza, kenako n'kutuma Arthur kukatolera ndi zibakera. Imeneyo ndi kaloba basi, palibe dzina lina. Ndiye mzungu wa ku London akamasewera pamenepo mwina amangoona nkhani ya makaubo, koma ife timadziwa nyumba imene anabwera kudzanyamula TV ndi njinga ana akuona, timadziwa aticha amene khadi lawo la ku banki limagona kwa munthu wina mwezi wonse, ena mwa ife ndi kwathu kumene zinachitika. Gemu ikakupatsa mbali ya wotolera uja, wogogoda pachitseko, mtima sungakhale chete.

Downes ndi mlimi wodwala TB, akumenyedwa amakhosomolera Arthur kumaso, ndipo ndi pamenepo Arthur amatengera matenda amene adzamupha. Downes amamwalira, munda umapita, kutsogolo mumakumana ndi mkazi wake Edith ku Annesburg akudzigulitsa kuti adye, mwana wawo Archie ali mu mgodi wa malasha akuzunzidwa. Gemu imakulolani kuwathandiza, kuwapatsa ndalama kuti achoke kumeneko, ndipo pamapeto Arthur amamuthamangitsa Strauss pamsasa, koma chimene ndimaikondera ndi chakuti mayi uja sakuuzani kuti basi zatha ndakukhululukirani. Amatenga ndalama chifukwa akuzifuna, mwamuna wake sabwerera. Opanga anafuna kuti kulapa kwa Arthur kukhale kwanu, ndipo kuti kukhale kwanu anayenera kukudetsani manja poyamba. Ndiye kunyansidwa kumene mukumvako ndi kumene anakonza, simunasewere molakwika.

Pambali chabe, TB ya mu 1899 inalibe mankhwala, ya lero imachizika, miyezi 6 ya mapilisi ndipo m'zipatala za boma ndi ulele. Ndanena chifukwa pali ena amamaliza gemuyi akukhulupirira kuti chifuwa chimenecho ndi imfa basi.

Ndibwerere pa sevu yakale ndikonze, kapena ndipitirize ndi zimene ndachita?

Gemu ndi yanu, bandulo yoidawunilodera munagula ndinu, palibe polisi wa masevu. Koma poti mwafunsa maganizo anga, ulendo woyamba pitirizani. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo magemu a mtundu uwu amakoma pamene mwavomera kuti mwambiwo ugwire ntchito olo batani looleranso lilipo. Mu Mass Effect ya mu 2007 pa dziko la Virmire mumasiya mmodzi mwa anzanu awiri, Ashley kapena Kaidan, kuti afe, ndipo sevu yanu imapita nanu mu gemu yachiwiri ya 2010 mpaka yachitatu ya 2012, amene munamusiya sabweranso. Anthu amakumbukira chisankho chimenecho patapita zaka chifukwa anakhala nacho. Amene amabwerera kasanu kufunafuna njira yabwino kwambiri amamaliza ndi nkhani yosalala imene saikumbukira n'komwe.

Koma pali pamene ndimati bwererani osachita manyazi. Ngati chala chinaterereka, padi ya pashopu ija batani lake limamatirira, kapena magetsi anazima n'kukusokonezani, chimenecho si chisankho chanu. Chimodzimodzi ngati Chingelezi chinakupusitsani, ndipo izi zimachitika maningi chifukwa timawu timene amalemba pa sikirini ndi tochepa kuposa zimene munthu wanu akachite. Mu The Witcher 3 muli malo ena pamene mawu amangonena zomukankha munthu wina dzina lake Dijkstra kuti achoke panjira, inu mukadina Geralt amamugwetsa n'kumuthyola mwendo, azungu eni chilankhulo nawonso anadandaula. Apo palibe cha chikumbumtima, anakunamizani.

Dziwaninso kuti magemu ena amakuonani mukamabwerera. Undertale ya Toby Fox, ya mu 2015, mukapha Toriel, mayi amene amakusamalirani koyambirira, kenako n'kubwerera kuti mumusiye wamoyo, kaduwa kolankhula kotchedwa Flowey kamakuuzani kuti kakudziwa zimene munachita. Ambiri tsitsi linawaimirira pamenepo.

Nanga gemu imene sinandipatse mwayi wosankha koma ikundiloza chala?

Iyi ine imandikwiyitsa pang'ono. Spec Ops: The Line ya mu 2012, nkhani yake ili ku Dubai, imakufikitsani pamalo pamene njira yokhayo yopitira patsogolo ndi kuponya mabomba a moto, kenako imakuyendetsani pakati pa mitembo kuti muone kuti munawotcha anthu wamba, amayi ndi ana, ndipo kuchokera apo imangokunyozani mpaka kumapeto. Okonda gemuyi amati mwayi unalipo, mukanazimitsa. Ine ndimati munthu wagula gemu ndi ndalama zake ndiye mukumuuza kuti njira yabwino inali kusasewera, chimenecho ndi chinyengo chaching'ono olo uthenga wake wotsutsa nkhondo uli wabwino.

GTA V ya mu 2013 ilinso ndi mishoni imene Trevor, mmodzi mwa anthu atatu amene mumawasewera, amazunza munthu womangidwa pampando, kumuzula dzino, kumugwiritsa magetsi, ndipo simungamalize nkhani osadutsapo. The Last of Us, chaka chomwecho, munthu wanu Joel amapha anthu m'chipatala kuti atulutse kamtsikana Ellie kenako n'kumunamiza, inu mulibe chonena. Pa zoterezi chimene mukumva ndi chisoni ndi kunyansidwa, koma mlandu ndi wa wolemba nkhani. Funso lodziyesera ndi lakuti panali njira ina imene munaiona n'kuikana? Ngati panalibe, tulani katunduyo. Mishoni ya pabwalo la ndege mu Call of Duty: Modern Warfare 2 ya mu 2009 ndi yosiyana, ija amakufunsani poyamba ngati mukufuna kuilumpha, ndipo olo mulowe mutha kungoyenda osawombera aliyense wa anthu wamba aja. Ambiri anazidziwa atawombera kale.

Mu GTA San Andreas ndimagunda anthu ndi galimoto ndikuseka, koma galu wanga atafa mu Minecraft ndinakhumudwa tsiku lonse. Mutu wanga uli bwino?

Uli bwino. Anthu oyenda m'misewu ya Los Santos, mzinda wa mu gemuyo, alibe dzina, alibe mbiri, nkhope zawo ndi zomwezomwezo, ukakhota pakona abweranso ena, gemu yeniyeniyo imakuuza kuti awa ndi zidole. Galu uja munamupeza nokha, munamudyetsa mafupa, mwina munamupatsa dzina la galu wa kumudzi, anakutsatani mpaka kumgodi. Kumene munaika nthawi ndi kumene kumawawa. Grizzard yemwe uja anapezanso kuti munthu akamabwereza gemu imodzimodzi masiku angapo kudziimba mlandu kumachepa, ndiye San Andreas imene mwakhala mukuiteya kuyambira muli ku pulayimale singakugwedezeninso.

Kodi ndi tchimo? Ndikaulule kutchalitchi?

Ine sindine m'busa kapena wansembe, ndipo mipingo imaona mosiyana, ndiye ngati zikukuvutani kwambiri kafunseni akulu a mpingo wanu, kaya ndi ku RCZ, ku Katolika kapena kwina. Maganizo anga ndi awa. Nthawi ya Pasaka achinyamata akamachita sewero la masautso a Yesu pamafunika wina akhale Yudasi, wina akhale msilikali wokwapula, ndipo palibe amene amawaitanira kubwalo la mpingo pambuyo pake, amawayamikira kuti mwachita bwino mpaka amayi analira. Kusewera munthu woipa mu nkhani si kuchita choipa, palibe amene wabedwa, palibe amene waikidwa m'manda.

Pamene ndingati dziyang'aneni ndi pamene mwaona kuti nkhanzazo zikukukomerani mwa mtundu wina, mukuzifunafuna, mukazimitsa mumakhala ndi ukali kwa ang'ono anu, kapena gemu yakudyerani nthawi ya pemphero ndi ya ntchito. Izo ndi nkhani za moyo wanu weniweni ndipo mungazitengere kwa abusa. Koma kupita kukagwada kuti ndinasiya Kaidan pa Virmire, mudzangowasokoneza abambo ansembe.

Anthu ambiri amasankha zabwino kapena zoipa?

Zabwino, ndipo ndi ambiri kuposa mmene mungaganizire. John Ebenger, amene anagwirapo ntchito pa Mass Effect ku BioWare, ananena mu 2020 kuti osewera pafupifupi 92 pa 100 anatsata njira ya munthu wabwino, akudandaula kuti anavutika kupanga mbali yoipa imene anthu ochepa okha anaiona. Aja amadzitama pashopu kuti ine ndimapha aliyense, muwaone akakhala okha kunyumba, amapepesa ndi kwa hachi yomwe.

Ndinaba chakudya kwa agogo awiri mu This War of Mine kuti anthu anga asafe. Ndinalakwa?

Gemu imeneyi ndi mnzake Papers, Please ndimaziika pazokha, chifukwa sizikufunsani ngati ndinu wabwino kapena woipa, zimakufunsani kuti ubwino wanu umafika pati mukakhala ndi njala. Zonse ziwiri zimapezeka pa foni ndipo sizifuna foni yamphamvu kwambiri.

This War of Mine inatuluka mu 2014, anaipanga a 11 bit studios ku Poland potengera zimene anthu wamba anakumana nazo mzinda wa Sarajevo utazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996. Simuli msilikali, ndinu anthu obisala m'nyumba yogumuka, usiku mmodzi amatuluka kukasaka chakudya ndi mankhwala. Nyumba ya agogo aja ndi yosavuta kuposa zonse, alibe mfuti, mdalayo amangokutsatani m'zipinda akukupemphani kuti musatenge mankhwala a mkazi wake. Mukabwerera kwanu anthu anu amadya, inde, koma amagwa mphwayi, ena amasiya kugwira ntchito, ndipo zikapitirira wina atha kudzipha. Boma la Poland linafika poiika pa mndandanda wa zinthu zimene ana a sukulu angaphunzirepo.

Papers, Please ya Lucas Pope, ya mu 2013, imakuikani pawindo la boda m'dziko lopeka la Arstotzka mu 1982, ntchito yanu kudinda mapasipoti. Aliyense amene anaimapo pamzere pa Mwami akupita ku Mchinji amaidziwa mbali ya kunja kwa windo, apa amakulowetsani mkati. Mumalipidwa pa munthu aliyense amene mwamuona bwino, mukalakwitsa kupitirira kawiri pa tsiku amakudulani, ndipo madzulo muyenera kulipira lendi, chakudya, moto wotenthetsa nyumba ndi mankhwala a mwana, mkazi, apongozi ndi amalume. Ndiye pabwera bambo mapepala ake ali bwino, akuti mkazi wanga ali kumbuyoku mumuchitire chifundo, mkaziyo afika pepala limodzi palibe. Mukamulowetsa mwaswa lamulo, mukamubweza mwalekanitsa banja.

Kodi munalakwa? M'nkhanimo inde, munabera okalamba, ndipo gemu ikufuna muvomere zimenezo osadzikhululukira msanga. Koma inakonzedwa kuti manja oyera akhale odula kwambiri, nthawi zina mtengo wake ndi moyo wa munthu wanu. Chimene ine ndinatengapo ndi kuchepetsa pakamwa poweruza anthu amene anachita zinthu zochititsa manyazi chaka cha chilala. Ndipo mutha kuyambiranso n'kuyesa kupulumuka osaba kwa anthu, zimatheka, mumasinthanitsa katundu ndi wamalonda amene amagogoda pakhomo n'kumasaka m'nyumba zopanda anthu, kungoti ndi zowawa.

Nanga za Free Fire ndi PUBG, ndinasiya mnzanga atagwa n'kuthawa, manje sakundiyankha pa WhatsApp?

Apa ndiye mwafika pa mlandu weniweni, mphwanga, ndipo ndimadabwa kuti anthu amene amalira chifukwa cha Clementine ndi omwewo samva kalikonse pa izi. Kumbuyo kwa kamunthu kaja kuli munthu wamoyo wa ku Navutika kapena ku Katete amene anagula bandulo ndi ndalama yake, anatchajitsa foni kwa aneba chifukwa cha malodishedingi, ndipo amakhulupirira kuti muli limodzi. Kuthawa pamene adani achuluka si nkhani, nthawi zina ndi nzeru kuti sikwadi isathe yonse, muuzeni chabe chifukwa chake. Koma kumusiya dala kuti afe mutole mfuti zake, kumutukwanira amake pa maiki anthu akumva, kumuseka pagulu kuti foni yake ndi ya mabatani, izo mwamuchitira iyeyo osati gemu.

Muikenso pamenepa zija zofufuta sevu ya mnzanu pa konsolo ya pashopu iye atavutika nayo mwezi wonse, kubwereka akaunti n'kusintha pasiwedi, ndi yaikulu kwambiri, kutenga foni ya amama n'kugula madayamondi a mu gemu ndi ndalama ya pa mobile money imene anasungira feteleza. Izi zilibe sevu yobwererapo ndipo sizitha ndi kumva chisoni muli chigonere. Pitani mukanene ndi pakamwa panu asanazitulukire okha, bwezani olo pang'onopang'ono, mnzanu uja muimbireni osati kumutumizira ka emoji.

Mwana wanga wa zaka 11 analira usiku chifukwa cha gemu, ndimulande foni?

Amama, musathamangire kulanda, ndipo chonde musamuseke kapena kumuuza kuti mwamuna salira. Mwana amene walira chifukwa anapweteka kanthu mu gemu wakuonetsani kuti chifundo ali nacho. Khalani naye mumufunse kuti chinachitika n'chiyani, anasankha chiyani, akanakonda kuchita bwanji, mudzadabwa mmene adzalankhulira, mwina kuposa mmene amayankhira mukamufunsa za kusukulu.

Kenako muone gemuyo. Magemu ali ndi zaka zake zolembedwa pachikuto kapena pa Play Store, a ku Ulaya amalemba PEGI ndi nambala 3, 7, 12, 16 kapena 18, a ku America amalemba zilembo, M ndi ya zaka 17 kupita m'mwamba. GTA yonse ija, Red Dead, The Last of Us, The Witcher 3, zonsezo ndi za akuluakulu, koma m'mashopu ambiri a m'komboni palibe amene amafunsa zaka, mwana akangolipira amupatsa padi. Ndiye ngati ndi imodzi mwa izi muchotsereni gemuyo mumupezere ina, foni musiyireni. Mukalanda zonse chimene adzaphunzire ndi chakuti ulendo wina asadzakuuzeni.

Za mantha akuti magemu amusandutsa chigawenga, bungwe la akatswiri a maganizo ku America, American Psychological Association, linanena mu 2020 kuti palibe umboni wokwanira wolumikiza magemu ndi zachiwawa zenizeni, ngakhale linati pali kakugwirizana kakang'ono ndi zinthu ngati kukalipa ndi kukankhana. Ine mwana amene amandidetsa nkhawa ndi amene sagona, wasiya kudya ndi anzake, magiredi akutsika, osati amene walira.

Papita masabata koma ndikuganizabe, nthawi zina tulo osabwera. Ndi zachilendo?

Tsiku limodzi, awiri, olo sabata ukuganizira mathero a gemu, zimenezo ndi zabwinobwino, buku labwino limachitanso chimodzimodzi. Chimathandiza ndi kukamba ndi wina amene anaisewera, mukangana kuti iwe unasankha bwanji, mumapeza kuti nayenso njira yake inali ndi maliro ake. Kuonera mathero enawo pa YouTube kumathandizanso ena, makamaka pa magemu a Telltale pamene mumazindikira kuti njira zambiri zimakakumana pamodzi, amene munamupulumutsa mu gawo loyamba amadzafabe kutsogolo, Lee, amene mumamusewera mu The Walking Dead, amafa olo mutani.

Koma zikafika pa masabata, osagona, osadya, kudziona ngati munthu woipa amene sayenera kukhala ndi moyo, nthawi zambiri gemu yangokhudza bala limene linalipo kale. Munthu amene anataya amake akusewera nkhani ya mwana wamasiye, kapena amene anachedwa kupititsa m'bale wake kuchipatala ndiye gemu yamufunsa kuti apulumutse ndani, sakulira za gemu. Apo siyani kaye kuisewera mukambe ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena pitani kukiliniki mukapemphe kuonana ndi wauphungu. Lifeline Childline Zambia ili ndi manambala aulele, 116 ya ana ndi achinyamata ndi 933 ya akuluakulu. Ngati maganizo odzipweteka abwera musadikire kuti kuche, uzani munthu usiku womwewo.

Ndikufuna kuyesa njira yoipa dala kuti ndione zimene zili kumeneko, pali vuto?

Palibe, anthu anavutika kuilemba, ionani. Ambiri amachita ulendo woyamba ngati iwo eni, wachiwiri ngati munthu wina amene amupangira khalidwe lake, ndipo kudziuza kuti uyu si ine ndi wakuti kumachepetsa kulemera. Mu Fallout 3 ya mu 2008 mutha kuphulitsa tauni yonse ya Megaton ndi bomba, mu BioShock ya mu 2007 mutha kupha tiatsikana ta mu gemuyo kuti mupeze mphamvu msanga, mukatero mwaona, mwadziwa, basi.

Chenjezo langa ndi pa Undertale yokha. Mukatsata njira yopha chilichonse mpaka kumapeto, gemu imasunga chizindikiro, ndipo olo mudzayambirenso n'kukhala wachifundo kwa aliyense, mathero abwino aja amakhala atadetsedwa. Yambani ndi njira ya mtendere, yoipayo ngati mtima ukukana ionereni kwa ena.

GTA V yandifunsa kuti A, B kapena C, ndaima pomwepo. Nditani?

Apa ndi pamathero a gemu, ndipo amene akusankha ndi munthu wanu Franklin. Dinani C. A ndi kupha Trevor, B ndi kupha Michael amene anamutola Franklin n'kumuphunzitsa ntchito, ndipo amene mwamuphayo simudzamuseweranso pa sevu imeneyo, mishoni zake zotsala zapita, otsalawo amayamba kumuzemba Franklin. C imaoneka ngati yodzipha koma onse atatu amapulumuka n'kukathana ndi adani awo limodzi, kungoti nkhondo yake ndi yaitali, ndiye gulani zipolopolo ndi chovala choteteza musanayambe, ndipo ngati muli pashopu lipiriranitu ola lina kuti asakuzimitsireni pakati.